Zikhatho za Che Jafali

Che Jafali anawaika ine ndisanamve n'komwe kuti amwalira. Asilamu sagoneka maliro. Anatsirizika m'mawa ku Chirimba kwa mwana wawo, dzuwa lisanapendeke anali atalowa kale m'manda, ndipo uthenga unandipeza mawa lake ndili ndi tsache m'manja. Amene anandiuza ndi kondakitala wa minibasi, ndiye poyamba sindinavomere. Anyamata aja amatha kupha munthu ndi pakamwa pongofuna nkhani yocheza ndi dalaivala. Sabata yatha ndinakakhala nawo pa sadaka yawo, ndinapepesa anamfedwa, ndinaona chipewa chawo choyera chili pamsomali. Pamenepo m'pamene ndinati n'zoona.

Ine sindikhulupirira munthu. Ndinene poyera kuti mudziwe amene akulankhula nanu. Munthu akandimwetulira ndimayamba ndagwira kathumba kanga. Tsono mukaona ndikulemba za mkulu ameneyu ngati munthu woyenda monyang'ama m'tchalitchi, musati agogowa ndi ofewa mtima. Ndinawalonda zaka zambiri kufuna kuwagwira bodza.

Ku Limbe, kuseri kwa mashopu a amwenye, msewu usanayambe kukwera ku Mpingwe, kuli holo yakale ya njerwa zofiira. Anaimanga azungu a ku Mangalande nthawi ya atsamunda, atapukwa kwawo. Mkati mwa sabata ankayang'anira fodya, njanji ndi maofesi; Loweruka ankamata ndevu zabodza n'kumachita masewero a kwawo. Azungu aja anapita. Holo inadutsa m'manja ambiri, inakhalapo ya kanema, inakhalapo yosungiramo matumba a fetereza, mpaka anadzaigula a Sikelo, bambo wa malole, n'kuyamba kuibwereketsa kwa a maukwati ndi a mipingo. Eni ankasintha, koma aliyense ankaigula Che Jafali ali momwemo, monga umagulira munda ndi chulu chake. Ankagona m'kachipinda kuseri kwa siteji, momwe kale azungu ankavaliramo.

Ntchito yawo kuyambira unyamata inali ya zingwe. Pamwamba pa siteji panalibe siling'i. Denga linkangokwera mpaka mumdima, ndipo m'mwambamo munkalendewera mitanda yolemera, uliwonse ndi chinsalu chake chojambulidwa: china msewu wa ku Landani, china nkhalango, china chipinda cha mfumu. Zingwe za mitandayo zinkatsikira pakhoma la kumanzere n'kumangidwa pa zikhomo zamtengo, matumba a mchenga akulendewera pambali. Sewero likamachitika, munthu wa zingwe ankamasula ichi, kukoka icho, nkhalango n'kukwera, nyumba n'kutsika. Anthu a m'mipando sankamuona. Ankangoona dziko likusintha lokha.

Ine ndinalowa pa holopo ngati wosesa. Tsiku loyamba Che Jafali anandipatsa moni wa dzanja, ndipo ndinamva chachilendo. Chikhatho chawo chinali chosalala ngati pulasitiki, choyera mawangamawanga, chopanda mizere ija tonsefe tili nayo. Ndinasuzumira chinacho, chimodzimodzi. Kwathu ku Nsanje manja otere tinkawadziwa. Ndi a mwana amene anaba ndiwo mumphika, amake n'kumugwiritsa khala lamoto. Ndinati mumtima, basi, ntchito ndapeza koma mnzanga ndi mbala.

Ndinasiya dala paketi ya shuga pawindo la kuseri, nditalemba kamzere ndi khala pomwe shugayo analekezera. Patapita masiku anandiitana.

"Achemwali, shuga wanu uja nyerere zinalowamo. Ndamukhuthulira m'botolo."

Ndinangoti zikomo.

"Kamzere kanu kaja ndakalembanso pabotolopo, mungavutike poyeza."

Sanaseke, sanakwiye. Anabwerera ku zingwe zawo. Ine ndinati mbala yochenjera ndi yotere, ndipo ndinapitiriza kulonda.

M'mawa uliwonse, akatha kupemphera, ankayamba ku mapeto a khoma n'kumagwira chingwe chimodzichimodzi, kuchisisita ndi msana wa zala chifukwa zikhatho zija sizinkamva kanthu. Akapeza ulusi wotuluka ankaima pamenepo nthawi yaitali ngati mzamba. Timawilo ta m'mwamba ankatidzoza girizi okha, akukwera makwerero omwe anyamata okongoletsa maukwati ankakana kukwera. Zonsezi pamene sewero lomaliza mu holo imeneyo linachitika ine ndisanathe msinkhu. Ankanena kuti chinthu cholendewera sichidziwa kuti masewero anatha. Ankanenanso kuti mfundo yabwino ndi yogwira zolimba koma yomasuka ndi dzanja limodzi, ndipo anthu ambiri ndi mfundo za mtundu winawo.

Khomo lakutsogolo, lija la masitepe ndi zipilala, sanalowerepo. Kale munthu wakuda sankaloledwa. Ife tinali a khomo lakumbuyo, la ku nkhuni ndi zinyalala. Zimenezo zinatha kalekale, lero ndi mbuzi yomwe ikhoza kulowera kutsogolo. Iwo anakhalabe a kumbuyo, ndipo alendo awo onse ankawalowetsera komweko. Ankati khomo lakutsogolo ndi la odzaona bodza, lakumbuyo ndi la odzalipanga.

Alendo amenewa anayamba kubwera chifukwa cha Tiyamike, mayi wachitsikana amene amayendetsa anthu odzaona malo. Amawazunguza m'tauni, matchalitchi akale, nyumba zakale za amalonda, kenako tsiku lina anasochera n'kupeza Che Jafali akupukuta zikhomo. Kuyambira pamenepo kabasi kake kankaima kuseri kwathu. Ambiri anali okalamba a ku Mangalande, ofiira khosi, ndi mabotolo a madzi m'manja. Ine ndinkasesa pafupi kuti ndione ngati angatole kanthu.

Che Jafali ankawalankhula Chingerezi chomwe sanachiphunzire kusukulu koma pakhoma paja, pomvera masewero. Tiyamike ankati ndi Chingerezi cha mafumu akale, agogo ake a alendowo ndi amene ankalankhula chotero. Ankawaimika pa siteji n'kuwauza kuti atsinzine. Kenako ankagwedeza lata lalitali lopachikidwa kuseri, holo yonse n'kugunda bingu, mpaka ine amene ndinkadziwa ndinkayang'ana kumwamba. Ankapendeketsa bokosi lalitali la nandolo wouma, mvula n'kuyamba kugwa padenga lopanda mtambo. Ankagogoda zikamba ziwiri za kokonati pathabwa, hatchi n'kubwera kuchokera kutali, kudutsa, kukazimiririka cha ku Bangwe. Akatsegula maso ankapeza nkhalamba ya mkanjo ndi zikamba m'manja. Ndinaonapo bambo wina wamkulu thupi akupukuta misozi, ati phokoso limenelo analimva komaliza ali pamiyendo ya amake.

Ankawasimbira za sewero la pa Khirisimasi, momwe mwamuna wandevu ankavala diresi kukhala nkhalamba yaikazi, mtsikana n'kuvala zachimuna kukhala mnyamata wa nkhaniyo, ndipo anthu awiri ankalowa m'chikopa chansalu kukhala ng'ombe. Kunja kuli dzuwa la Disembala, ngumbi zikuuluka, iwo ali m'mwamba kuwaza timapepala toyera kuti azungu aone chisanu cha kwawo chikugwa. Chaka china mzungu wa kumbuyo kwa ng'ombe anabwera ataledzera, ndiye analowetsamo Che Jafali, poti m'chikopa khungu silioneka.

"Tsiku lokhalo limene ndinaponda siteji anthu akuonera," ankatero, "ndinali mchira. Ndipo anandiwombera m'manja."

Ankawauzanso miyambo ya nyumba zotere. Ochita sewero safunirana mafuno abwino, amafunirana kuthyoka mwendo. Ine nditamva ndinati ndiye anthu oona mtima amenewo, kuno timafunirana zomwezo koma chamumtima. Pali sewero lina lomwe dzina lake satchula m'kati mwa holo, ndipo iwo sanalitchulepo, ngakhale alendo atawanyengerera. Anthu onse akatuluka, pa siteji pamayenera kutsala babu limodzi loyaka. Ndipo mwambo waukulu kuposa yonse: pa siteji ndi kuseri kwake saimbapo mluzu. Woimba mluzu atuluke panja, azungulire katatu, alavule, agogode, apemphe kulowa.

Chifukwa chake ankachifotokoza bwino. Ku Mangalande, ankatero, oyamba kugwira zingwe za masewero anali amalinyero opuma pa sitima zapamadzi, poti ndiwo ankadziwa mfundo ndi kulemera kwa nsalu. Amalinyero amaitanana ndi mluzu. Mluzu uwu ndiye kuti koka, mluzu uwo ndiye kuti masula. Munthu wosadziwa akangoimba wake wachisangalalo, wina kukhoma amamasula, ndipo mtanda umatsika pamutu pa amene ali pansi. Akafika pamenepa ankatambasula zikhatho zija kuti alendo aone, n'kusimba nkhani yake.

Ndinaimva kambirimbiri nkhaniyo, ndipo sinkasintha. Anali mnyamata wa ndevu zongomera. Kapitawo wa zingwe anali mzungu wokalamba amene kale anayenda pamadzi, ndipo ankawalamula ndi mluzu monga anazolowera. Pakhoma anali awiri, iwo ndi Zuze wa ku Chiromo, yemwe mkazi wake anali atangochira kumene. Linali Loweruka masana, sewero la ana. Pa siteji panali ana a azungu atavala mapiko, akuvina pansi penipeni pa mtanda wa nkhalango. Bwana wina wa ku esiteti ya tiyi analowa kuseri kudzaona mkazi wake atavala za sewero, ndipo atamuona anaimba mluzu wautali womusirira. Zuze anamasula. Anachita zimene anaphunzitsidwa. Chingwe chinathawa, mtanda n'kuyamba kutsika, ndipo Che Jafali anachilumphira n'kuchigwira ndi manja ali bulanzi. Chinawakoka, chinadya khungu, chinadya mnofu, mpaka chinaima. Mtanda unalekezera pamwamba pang'ono pa mapiko aja. Ana anapitiriza kuvina. A m'mipando anayesa kuti nkhalango yatsika dala. Iwo anakulunga manja m'malaya, ndipo katani yomaliza anaitseka pokoka ndi zigongono. Mawa lake Zuze anachotsedwa ntchito. Bwana wa mluzu uja sanafunsidwe kanthu, Loweruka lotsatira anali pampando wakutsogolo.

Alendo ankapuma mozama. Ine ndinkati mumtima, nkhani yakoma kwambiri iyi. Munthu amene moyo wake wonse wapanga bingu ndi lata, mvula ndi nandolo, angalephere kupanga ulemu ndi manja oba ndiwo? Mboni zake zonse zinafa kapena zinawoloka nyanja. Zuze palibe anamuonapo.

Tinkakangana. Tsiku lina ndinawafunsa maso ndi maso.

"Che Jafali, anthu amene sanakuloleni kukhala pampando ngakhale tsiku limodzi, inu n'kumawasungira miyambo mpaka imvi zonsezi? Anakudyetsani chiyani?"

"Masikono otsala."

"Ndikunena zoona ine."

"Inenso. Achemwali, inu mukuti mwambowu ndi wa azungu. Chingwe sichidziwa khungu. Chikamasuka chimagwera amene ali pansi, mlandu n'kugwera amene ali pakhoma. Woimba mluzu amapita kwawo kukadya."

"Nanga lero ali pakhoma ndani woti amasule? Muli nokha."

"Ndili ndekha," anatero, n'kutembenukira ku zingwe.

Anakangananso ndi mneneri wina amene ankabwereka holoyo Lamlungu. Iyeyo anapeza babu lija likuyaka pa siteji masana, atamva chifukwa chake anati mu holo muno akuweta ziwanda. Che Jafali anamuyankha mwaulemu kuti azungu ankanenadi kuti n'lounikira mizimu ya ochita masewero, koma iwo amaliyatsa kuti munthu wolowa mumdima asagwe pa siteji n'kusanduka mzimu. Mneneri analizimitsa n'kuyamba mapemphero. Mpingo utatuluka, babu linayakanso. Magetsi akazima ankaikapo katochi ka sola. Nthungululu, ng'oma, malipenga, kukuwa kwa ogwidwa mzimu, zonsezo sankaletsa. Mluzu m'mipando sankaletsanso. Koma pa siteji ayi.

N'chimene chinawayambanitsa ndi a Sikelo. Pa ukwati wina mnyamata woimba nyimbo pa makina anaimba mluzu ali pa siteji, Che Jafali anamugwira mkono n'kumutulutsa nyimbo ili pakati, akwati ali chiimire. Eni ukwati anakadandaula. A Sikelo anabwera Lolemba, n'kunena tonse tikumva, ine, mlonda ndi dalaivala wawo.

"Madala, ine ndinagula holo, sindinagule kachisi. Mukadzachitanso zimenezi kwa munthu aliyense, kachipinda kaja mudzachokemo tsiku lomwelo. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Kachipinda kaja si kuti kanali kabwino. Koma mkazi wawo anamwalirira momwemo, ndipo kunja kwa kameneko kunali kwa mwana wawo ku Chirimba, nyumba yodzaza kale ndi adzukulu, kutali ndi zingwe. Ndinati mumtima, tsopano tiona. Mwambo ndi wokoma ukamatulutsa ana a eni.

Tsiku lake linafika nyengo yadzuwa, majakaranda atachita maluwa. Tiyamike anaimba foni kuti akubweretsa gulu la okalamba okonda masewero, ena mwa iwo anachitapo masewero kwawo. A Sikelo atamva anati mwina anthu amenewa angathandize kukonza denga. Anabwera okha, atavala suti, akununkhira kuyambira pageti. Anapirira kulowera khomo lakumbuyo limodzi ndi alendo. Anamva bingu, anamva mvula, anamva za amalinyero ndi za Zuze, koma ndinkawaona, maso anali pa foni. Kenako anatenga malo. Anaima pakati pa siteji n'kuyamba kufotokozera alendo za mapulani awo, mmene amakondera zakale, mmene amasamalirira nkhalambayi ngati bambo awo. Anafuna kuti alendo awajambule ataima kutsogolo kwa chinsalu cha msewu wa ku Landani, koma chinali chikadali m'mwamba. Che Jafali anali ku mapeto a khoma, atafulatira. A Sikelo anaika zala ziwiri m'kamwa, monga amaitanira anyamata awo a malole.

Mluzu wake unali wautali, wakuthwa. Unakwera m'denga muja n'kubwerera.

Ine ndinali pamasitepe a m'mbali ndi chikolopa. Sindine wopempherera anthu, koma pamenepo ndinapemphera kuti Che Jafali adziyese ogontha. Nkhalamba ili ndi ufulu wosamva. Palibe akanawatsutsa.

Choyamba sanatembenuke. Dzanja lawo linalumphira pa chingwe cha nkhalango n'kuchigwira zolimba, ngakhale chinali chomanga bwinobwino, ndipo nkhope inayang'ana kumwamba. Sindinaonepo nkhalamba ikufulumira chotero. Anaima choncho mpaka anakhutira kuti palibe chikutsika. Kenako anayenda, osafulumira, kudutsa pa siteji pamaso pa anthu, n'kugwira a Sikelo pa mkono wa jekete.

"Bwana, tiyeni panja."

A Sikelo anamwetulira alendo, mawu akutulukira m'mano. "Madala, mwapenga?"

"Sindinapenge. Mwaimba mluzu. Mutuluke, muzungulire katatu, mulavule, mugogode. Ndikutsegulirani."

"Mukukumbuka zimene ndinakuuzani zija?"

"Ndikukumbuka. Katundu wanga ndi wochepa. Tiyeni."

Alendo sanamve Chichewa, koma anaona dzanja pa jekete. Anayesa kuti mwini holo wachita dala kuti awaonetse mwambo, ndiye anayamba kuseka ndi kuwomba m'manja, mafoni m'mwamba. Tiyamike yekha ndiye anagwira pakamwa. A Sikelo anayang'ana mafoni aja, anayang'ana nkhalamba, anaona kuti njira ndi imodzi. Anayenda mpaka khomo lakumbuyo, Che Jafali n'kutseka chitseko ndi kukhoma loko.

Ine ndinathamangira pawindo kukaona ngati azunguliredi. Anazungulira. Bambo wa malole, suti ndi nsapato zosongoka, pabwalo la fumbi, dalaivala wawo ali m'galimoto kuyang'ana, amayi ogulitsa nthochi pageti atasiya malonda. Analavula. Anagogoda.

"Ndani?" anafunsa Che Jafali.

"Ndine Sikelo."

"Mukufuna chiyani?"

"Kulowa."

Anatsegula. Alendo anawomba m'manja mpaka nkhunda zinauluka m'denga. A Sikelo anawerama ngati munthu wozolowera. Mayi wina wa tsitsi loyera anayamba kuitana kuti nkhalambayo ibwere kutsogolo nayonso, anzake n'kuthandizira, Tiyamike akukodola. Koma iwo anali atabwerera kale pakhoma pawo, dzanja pa chingwe. Anapukusa mutu. Anauza Tiyamike kuti awauze kuti wa zingwe saweramira anthu, akawerama ndiye kuti wasiya kuyang'ana kumwamba. Kenako anatsitsa msewu wa ku Landani, pang'onopang'ono, osagwedezeka ngakhale m'mphepete, kuti bwana ajambulidwe.

Kabasi katangotuluka pageti, a Sikelo sanakalipe. Anauza dalaivala kuti asendeze galimoto kukhomo lakumbuyo. Sindikuti ndi munthu woipa kuposa ena. Anazunguliritsidwa pamaso pa wantchito wawo, ndipo mwamuna wa m'tauni muno amakhululuka zambiri koma osati zimenezo. Katundu analidi wochepa: sutikesi yamalata, ketulo, mkeka wopempherera, bulangete. Makiyi anapatsidwa ine. A Sikelo anati nkhalambayi isapondenso mkati muno.

Ndinaima pakhomo ndikuyang'ana zikhatho zija zikunyamula sutikesi, ndipo ndinachita mantha. Abodza ndawaona moyo wanga wonse. Wabodza amalumbira, amalira, amawonjezera bodza pa bodza, amatha kukomoka. Koma bodza likafika pomulanda pogona amalisiya pansi n'kuthawa. Palibe munthu amene anaba ndiwo ali mwana angapereke denga lake chifukwa cha nkhani yopeka. Ndipo dzanja lija, mmene linalumphira pa chingwe mutu usanaganize, limenelo silinali sewero, poti panthawiyo onse ankayang'ana a Sikelo. Ndinaona ndine ndekha. Ana a mapiko aja analiko. Zuze analiko, wakwathu, ndi mkazi wake ndi khanda. Zaka zonse zija ndinkasesa pafupi ndi munthu amene ankatulutsabe panja bwana wa ku esiteti uja, mobwerezabwereza, m'thupi la aliyense woimba mluzu.

"Babu lija musamazimitse, achemwali," anatero pokwera galimoto.

Mawa lake m'mawa ndinawapeza atakhala pa sitepe ya khomo lakumbuyo. Anakwera minibasi kuchokera ku Chirimba, kusintha m'tauni, kudutsa Ginnery Corner mothithikana ndi ana a sukulu, pa msinkhu umenewo. Ndinayang'ana uku ndi uku, mlonda anali atapita. Ndinatsegula chitseko n'kuwauza kuti alowe msanga, palibe adziwe.

"Mwini wake anati ndisaponde."

"Sakuonani."

"Ndikudziona ndekha."

Anaimirira, zala za kumapazi zitalekezera pa mphuthu ya khomo, khosi atalisuzumitsa mkati. Kuchokera pamenepo khoma la zingwe linkaoneka. Anandiuza kuti ndisiye tsache ndiyambe ku mapeto. Gwirani icho. Sisitani. Mukumva ulusi? Kokani pang'ono, chikulira bwanji? Ndinakhala manja awo. Tinachita zimenezi m'mawa uliwonse kupatula Lachisanu, mvula inabwera n'kupita, iwo ali pakhomo ndi ambulera. Tiyamike ankabweretsabe alendo, ndipo Che Jafali ankawasimbira zonse ataima panja, ine n'kumagwedeza lata mkati akandikodola. Phazi lawo silinadutse mphuthu ija ngakhale kamodzi. Ndinkayang'ana.

Kenako a Sikelo anaganiza zoika siling'i yoyera ya magetsi amitundumitundu, monga zilili m'maholo atsopano. Amisiri anatsitsa mitanda yonse. Nkhalango ndi msewu wa ku Landani zinakhala matenti ofunditsira katundu, zingwe n'kuponyedwa m'lole kuti zikamangire matumba. Che Jafali anafika lole ili pageti. Ndinaopa kuti agwa. Anapempha dalaivala kuti aime, n'kuyamba kusisita zingwe zija ndi msana wa zala, chimodzichimodzi, n'kumazipatula milu iwiri.

"Izi n'zolimba, mangirani chilichonse," anamuuza. "Izi musadzazidalire pa mtsetse wa ku Chikwawa."

Anandipatsa moni wa dzanja, chikhatho chija chili chozizira, n'kupita kukakwera minibasi. Sanabwerenso. Akuti ku Chirimba ankakhala pakhonde, osadandaula, koma mdzukulu akaimba mluzu m'nyumba ankadzidzimuka n'kuyang'ana kudenga.

Holo ilipo, ndipo ikuyenda bwino. Siling'i ndi yokongola. Kachipinda kaja amasungiramo mipando yapulasitiki. Anyamata okongoletsa amaimba mluzu mmene angafunire, palibe choti chigwe. Lata la bingu anakhomera chimbudzi cha mlonda. Babu lija amisiri anadula waya wake.

Khoma la kumanzere analipaka penti, koma zikhomo anazisiya poti zinakana kuzuka. Chilichonse chili ndi mpata wosalala pomwe chingwe chinkadya mtengo. Pansi pake thabwa linalowa m'kati malo awiri, moyandikana, mulingo wa mapazi a munthu. Ndikamakolopa madzi amatsalira m'menemo. Tsiku lina ndinaponda momwemo kuti ndione zimene ankaona. Mipando sioneka ngakhale umodzi, khoma limatchinga. Nkhope za owomba m'manja sizioneka. Chimene chimaoneka ndi pakati pa siteji, cham'mbali, pamene pamaima anthu, ndi pamwamba pa mitu yawo.